Thumba Lachisanu

Dilu yonse inabadwira m'kabala ka mowa ka kuseri kwa malo ometera tsitsi, Lachiwiri masana, botolo lachitatu litangofika pakati. Jenerali anayala chipepala chomwe anamatula pakhoma, nachipsinja ndi mabotolo m'makona. Usilikali sanaulowepo munthuyu. Dzinalo analipeza chifukwa pa ntchito iliyonse ankaima kumbuyo n'kumaloza ndi chala.

"Werengani, alamu," anatero. "Mokweza, Mphika amve."

Telala, yemwe anakwatira mlongo wake wa Jenerali, anawerenga. Bungwe la Okonda Mbiri ya Nkhondo linkaitanira anthu ku msonkhano wake wapachaka, Loweruka, m'holo ya sukulu yakale. Mutu wake unali tsiku lomwe asilikali anatsika m'maboti n'kulanda gombe pankhondo yaikulu ya dziko lonse ija. Padzaonetsedwa mamendulo khumi ndi awiri komanso belu la boti lomwe linayamba kugunda mchenga. Aliyense abwere atavala zausilikali.

"Mamendulo golide, belu golide," anatero Jenerali akugogoda tebulo. "Alonda ake ndani? Nkhalamba zoyendera ndodo. Onse avala yunifolomu, ifenso tivala yunifolomu. Nsomba m'kati mwa nsomba, ndani angatiloze? Iwo akakamwa tiyi, ife tikolola, kenako khomo lakumbuyo."

"Ndiye ife tiyiyo sitimwa nawo?" anafunsa Mphika, chimunthu chomwe chinkadzaza benchi chokha.

"Iwe unyamula belu. Alamu asoka zovala."

Telala anakumbukira mawu a mkazi wake. Chaka chathachi, mkazi wake atakamutenga kupolisi pa nkhani ya matayala, analankhula kamodzi kokha, akusita malaya, osakweza mawu: "Tsiku lomwe mudzakwerenso galimoto ya polisi ndi achimwene anga aja, makina osokerawa ndi anga, kiyi wa pakhomo ndi wanga." Ndipo zinalidi zake. Telala anabwera m'banjamo ndi sizasi yokha.

"Alamu, ine ndinasiya," anatero.

"Mwasiya chiyani? Ndakuuzani kuti mube? Ndati musoke. Kapena yunifolomu yakukanikani, tikapeze telala weniweni?"

Pamenepo m'pamene panali pachilonda. Telala anakoka chipepala chija n'kuyamba kuyang'ana zithunzi. Zinalipo zitatu. Pa ziwiri, asilikali ankathamanga m'madzi, mfuti ndi zikwama zitaphimba chifuwa chonse, osaona ngakhale batani limodzi. Koma pa chachitatu amuna asanu anaima pamzere, manja onse m'mwamba, jekete lonse lili poyera: kolala, mabatani asanu ndi atatu, matumba anayi.

"Ichi ndiye chithunzi," anatero Telala. "Koma manjawa akwezeranji?"

"Apambana, alamu! Simunaonepo anthu atagoletsa chigoli?"

Masiku atatu makina analira osapuma. Mkazi wake atafunsa, Telala anati ndi zovala za kwaya.

"Kwaya yovala zotuwa ngati bulu?"

"Ndi ya maliro okhaokha."

Mayiyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kubwerera ku ntchito yake. Telala akanakonda mkazi wakeyo akanamukalipira.

Ntchito yokha inatuluka yoti munthu n'kuilirira. Msoko wowongoka ngati njanji, kolala yoima yokha. Pa jekete la Jenerali anawonjezera thumba lachisanu m'munsi mwa nkhwapa, lakuya, loti mamendulo khumi ndi awiri agonemo osakhudzana. Jekete la Mphika analisiyira mimba yoti belu likwanemo.

Loweruka, nthawi ya naini koloko, analowa m'holo atatu pamzere, Jenerali kumbuyo monga mwa nthawi zonse.

M'holomo munali nyanja. Theka la pansi anayalapo chipulasitiki chabuluu, theka linalo anathirapo mchenga wa wilibala zingapo. Pafupi ndi khomo lalikulu panali boti la matabwa lokhala pa matayala a bedi la kuchipatala, chitseko chake chili kutsogolo. Nkhalamba zoposa makumi awiri, amuna ndi amayi, zinali piringupiringu ndi mfuti zamitengo. Zonse zinavala zobiriwira.

Telala anadziyang'ana. Zotuwa.

Phokoso linatha ngati wina wazimitsa wailesi. Bambo wina wamfupi, wa magalasi okhuthala ngati pansi pa botolo, anayandikira pang'onopang'ono. Awa anali a Wapampando, mphunzitsi wopuma ntchito.

"Mayi Mlembi," anaitana ndi mawu onong'ona. "Bwerani mudzaone. Adani!"

Telala anayang'ana kukhomo, kufunafuna pothawira. Koma holo yonse inaphulika ndi m'manja. Agogo ena anaponya chipewa m'mwamba, ena anapukuta misozi. A Wapampando anagwira dzanja la Jenerali ndi manja awiri osafuna kulisiya.

"Zaka khumi ndi zinayi, bambo! Zaka khumi ndi zinayi takhala tikulanda gombeli kwa mapilo ovekedwa zipewa! Palibe membala amavomera kukhala wogonja. Mulungu akudalitseni! Mwachokera nthambi iti?"

"Yakutali," anatero Jenerali.

"Zikuoneka! Tangoonani kolala iyi! Wasoka ndani?"

Telala anayesetsa kukhala chete, koma dzanja linakwera lokha.

"Bambo, muli ndi manja," anatero a Wapampando. Chiyambireni kusoka, Telala anali asanamvepo mawu amenewo kwa munthu wovala magalasi. Mantha anayamba kusungunuka, chifuwa chinatukuka.

Mayi Mlembi, mayi wamtali wa wezulo pakhosi ndi faelo m'khwapa, sanali wa zamisozi. Anawatsogolera kumapeto kwa holo komwe kunali linga la matumba a mchenga.

"Malo anu ndi awa. Ife tonse tituluka panja kukamva malangizo a nkhondo, mphindi khumi. Mukamva wezulo, boti lanyamuka. Muziti phuu phuu ndi pakamwa, koma osapitirira kasanu aliyense, chifukwa mabuku amati zipolopolo zinakutherani. Kenako mugonja. Mwamva?"

"Tiyi ndi nthawi yanji?" anafunsa Mphika.

"Akaidi amamwa pomaliza."

Anatuluka onse, chitseko n'kutsekedwa. Pambali pa linga, mkono umodzi kuchokera pomwe anaima, panali tebulo la nsalu yoyera. Pamenepo mamendulo khumi ndi awiri ali ngwee, ndi belu lalikulu ngati ndowa yaing'ono.

Jenerali anavina. Anavina ndithu, chiuno chikupita uku ndi uko, akupsompsona mendulo iliyonse asanaiponye m'thumba lachisanu.

"Ndinanena chiyani, alamu? Atisiyira okha! Pulani yanga imachita kuyenda ndi miyendo yake!"

Mphika anakulunga lilime la belu ndi sokosi yake, nalilowetsa m'jekete, n'kulikumbatira m'munsi ndi manja awiri ngati mayi wa pakati wotopa. Telala anaika mabuku angapo patebulo n'kuwavundikira ndi nsalu yoyera ija kuti tebulo lisaoneke lopanda kanthu. Nayenso anali akuseka.

"Khomo lakumbuyo!" analamula Jenerali.

Anatembenuka. Khomo lakumbuyo linalipo ndithu, monga mwa pulani. Kungoti linga lonse, matumba a mchenga makumi anayi, analisanja molitsamira.

"Chotsani matumba!"

"Manja anga ali ndi ntchito," anatero Mphika.

Telala anali atangosuntha thumba lachiwiri pamene wezulo inalira.

Chitseko cha holo chinatseguka. Nkhalamba zinadzazana m'boti, zina zinayi zikukankha kumbuyo, matayala akulira kwiii kwiii pa nyanja ya pulasitiki. Wina ankamenya chidebe kuti zimveke ngati mizinga. Wina ankawaza madzi ndi botolo. Agogo ena anatsamira m'mbali mwa boti n'kumadziyesa akusanza, poti mabuku amati ambiri anasanza.

"Ombani, adani inu!" anakuwa Mayi Mlembi.

"Phuu," anatero Telala.

"Mokweza!"

"Phuu! Phuu!" Ndipo, chilungamo chake, zinayamba kumukomera. Jenerali anaomba kasanu ndi kawiri mpaka anadzudzulidwa.

Chitseko cha boti chinagwa pamchenga, phi! Gulu lankhondo linatsika, lina ndi ndodo, lina likugwirana mikono. Atatu anagwa mwadala n'kufa, mmodzi atayamba wayala mpango pansi. Otsalawo anawoloka gombe la mapazi khumi kwa mphindi zitatu zathunthu, akukuwa ngati anyamata, mpaka mfuti zamitengo zinazungulira linga.

"Manja m'mwamba!" anakuwa a Wapampando, nkhope ikuwala ngati mkwati.

"Kwezani," ananong'ona Jenerali. "Tigonje, timwe tiyi, tituluke pakhomo lalikulu ngati mabwana."

Telala anakweza. Atangokweza, anakumbukira chithunzi chija, amuna asanu pamzere. Anayang'ana mlamu wake.

"Chigoli chija n'chimenechi?"

"Khalani chete, alamu."

Mphika anakweza dzanja limodzi.

"Onse awiri," anatero Mayi Mlembi akuloza faelo. "Pachithunzi palibe wa dzanja limodzi."

Mphika anapinda mawondo, natsitsira belu pakati pa ntchafu, n'kulipana. Anakweza dzanja lachiwiri ali chonjuta, thukuta lili kamukamu.

"Taonani mantha akewo!" anatero agogo ena. "Uyu ndi katswiri!"

"Tsopano kusecha akaidi," analengeza Mayi Mlembi. "Tsamba lachisanu ndi chimodzi."

A Wapampando anayamba ndi Telala, akufotokozera gulu ngati ali m'kalasi. "Onani, mabatani asanu ndi atatu, ndendende. Matumba anayi: limodzi, awiri, atatu, anayi. Jekete la adani la chaka chimenecho linali ndi matumba anayi basi." Anafika pa Jenerali. "Limodzi, awiri, atatu, anayi..." Dzanja linaima m'munsi mwa nkhwapa. Anavula magalasi, nawapukuta, nawavalanso.

"Asanu?"

Holo yonse inati "Haa!" ngati yaona njoka m'tchalitchi.

"Thumba ili kunalibe," anatero a Wapampando, mawu atasweka. "Bambo telala, mwatikhumudwitsa. Ntchito yokongola chonchi, n'kulakwitsa kuwerenga matumba?"

Apa munthu wanzeru akanapepesa, nkhani n'kutha. Jenerali anamutsinzinira diso mpaka tsaya linachita kugwedezeka. Koma Telala magazi anali atakwera kale kumutu.

"Kulakwitsa? Ine? Bambo, ine matumba ndimawerenga ndisanadule nsalu! Limenelo ndaliika dala, ndipo msoko wake simungaupeze ndi maso. Pisanimo muone kuya kwake, kenako mundiuze ngati ndi ntchito ya munthu wolakwitsa!"

A Wapampando anapisamo. Anatulutsa mendulo. Anapisanso, natulutsa ina. Pofika yachisanu, Mayi Mlembi anali atavundukula kale nsalu yoyera patebulo.

"Tazilanda pankhondo," anayesa Jenerali.

A Wapampando anaima kaye n'kuganiza. "Zoterozo zinkachitikadi, koma osati pa gombe ili, chifukwa..."

Ntchafu za Mphika zinagonja. Belu linatsika, sokosi n'kuvuka, linatera pa chala chachikulu cha Jenerali n'kulira ngwiii, mawu okoma omwe mamembala ankawamva kamodzi pachaka.

"Thawani!" anakuwa Jenerali, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anatsogola.

Njira yopita kukhomo inali imodzi, kudutsa panyanja, ndipo nyanjayo inali itawazidwa madzi. Jenerali anaterereka chagada, Mphika anamugwera, Telala anakwera pamwamba pa onse awiri. Podzuka, osadziwanso komwe aloza, anaona mpata wouma patsogolo, nathamangiramo atatu onse. Linali boti. Kumbuyo kwake kunalibe khomo. Akufa atatu aja anadzuka pamchenga, nakweza chitseko, n'kulowetsa chitsulo chake.

"Gombe talanda, boti tasunga, akaidi enieni atatu!" anakuwa agogo a mpango aja. Anaimba belu mpaka apolisi anafika, ndipo apolisiwo anadikira kaye kuti chithunzi cha gulu chijambulidwe.

Mkazi wa Telala anafika kupolisi dzuwa likupendeka, tepi yoyezera ili pakhosi. Mchimwene wake Jenerali, mayiyo sanamuyang'ane n'komwe.

"Mayi a kunyumba," anayamba Telala atagwira zitsulo za chitolokosi, "kwaya ija..."

"Vulani."

"Ati?"

"Jeketelo. Ndi buluku lomwe. A Wapampando anabwera kunyumba. Akufuna mayunifolomu a adani khumi chaka chamawa, poti aliyense tsopano akufuna kukhala mdani. Ndikufuna chitsanzo."

Telala anavula, wapolisi akuyang'ana kudenga. Anapereka zovalazo zitapindidwa bwino, n'kutsala ndi vesiti ndi kabudula wamkati.

"Ndiye ntchitoyo tisoka limodzi ndikatuluka?"

"Makina ndi anga. Kiyi ndi wanga. Sizasi yanu ndaisiya kwa a sajeni." Anaika zovala m'chikwama, natembenuka.

Telala anamuyang'ana akupita. Anafunafuna mawu oti amubweze nawo, mawu a zaka khumi za banja. Mayiyo atafika pakhomo, mawuwo anatuluka.

"Kolalayo muikemo nsalu yolimba, apo ayi igwa!"

"Ndikudziwa," anatero mayiyo osacheuka. "Ndipo matumba ndimatha kulekezera pa anayi."