Mandazi a m'mapepala a Ameliya

Mpaka lero anthu a kwathu ku Namacula akandiona amafunsa ngati mandazi anga akadali ophunzira. Ndimangoseka, poti mlandu ndi wanga.

Chimwalirireni bambo ake, tinatsala awiri, ine ndi mwana wanga Ameliya. Chaka chatha ankamaliza univesidade, akulemba monografia, buku la kafukufuku wake, ya malonda a mbatatesi kuno ku Lichinga. Ine sukulu ndinalekera kalasi yachitatu, ndimakazinga mandazi. Pamphasa m'chipinda mwake panali milu iwiri ya mapepala a zolemba za akatswiri. "Mamá, awa ndawatenga, awa ndawakana," anatero, nkuthamangira chapa, minibasi ya kuno.

Ine ndinakulira m'munda wa mbatatesi. Ukasankha, zokanidwa sizibwereranso m'thumba. Ndiye mulu wokanidwawo (unali wautali, mapepala oyera bwino) ndinaunyamula. Masiku atatu ndinakulungiramo mandazi, ogula nkumayamikira ukhondo.

Tsiku lachinayi ndinamva kufuula.

"Mamá, okanidwa aja ali kuti?"

"Si unawakana, mwanawe?"

"Aphunzitsi akufuna kuona mmene ndinafufuzira! Kuseri kwa lililonse ndinalemba komwe ndinalipeza ndi chifukwa cholikanira. Popanda amenewo adzati ndinangotola zondikomera, ndipo sindiloledwa kukaimira ntchito yanga pa defesa, mayeso omaliza aja."

Ndinamanga nsalu nkuyamba khomo ndi khomo. Mayi Asiyatu, mnansi wanga, anaseka mpaka kukhala pansi. "Anzanga, mwatidyetsa sukulu ya mwana!" Komabe anatuluka nane, ndipo ndi iwo amene ankagogoda. Ena anatola mapepala kukhitchini, wa njinga yamoto wina anasolola awiri m'jekete. Angapo anali atayatsira kale mbaula, kuzizira kwa kuno sikudikira munthu. Otsalawo tinawayanika ngati usipa wa ku Meponda, timiyala pamwamba.

Ameliya anapita nawo choncho, mafuta ali mbuu. Akuti aphunzitsi ananunkhiza kaye, kenako anawerenga kuseri limodzilimodzi. Anati kufufuza kwake kukuoneka poyera, koma opsa aja akawafunenso, asangowalumpha. Ameliya anawafunadi, ndipo defesa anapambana.

Tsikulo ndinakazingira mandazi anthu onse amene anatithandiza, m'mbale, osati m'pepala.

Monografia ija tsopano ili pamwamba pa kabati, pambali pa chithunzi cha malemu bambo ake. Ameliya akuti waiika pamenepo mwaulemu. Ine ndikudziwa kuti anasankha pomwe dzanja langa silifika.