Tsiku lomwe ndinaphika apongozi

Nkhani iyi ana anga saidziwa, ndipo chonde musakawauze. Ine ndinaphikapo apongozi anga ali moyo.

Munali m'ma 70, chaka chija London inatentha ngati Nsanje. Ndinali student wa engineering, ndikufuna kukwatira Eluby, mwana wa a Mbewe a ku Croydon. Madalawo anali asananene eya kapena ayi. Nditamva kuti akupita kutchalitchi ku Tottenham, ndinati mwayi ndi umenewu.

"Ndikutengani pa galimoto yanga, bambo. Injini ndinaikonza ndekha."

Galimoto yake chiphakasa chenicheni!

Tili pa traffic ku Brixton, kasingano ka temperature kanayamba kukwera. Koma mankhwala ake ndinkawadziwa: ukayatsa heater, imakoka moto wa mu injini n'kuulowetsa m'galimoto. Ndinaiyatsa mwakachetechete, mpaka full. Mumtima ndinkati nkhalamba yoyenda pa basi ingadziwe chiyani?

"Mphepo yotenthayi ikuchokera kuti, mwana wanga?"

"Ndi nyengo, bambo. Ngakhale pa wailesi anena."

"Oo."

Anayesa kutsegula windo, chogwirira n'kutsalira m'manja. Anachiyang'ana, n'kuchiika bwinobwino pamiyendo.

Powoloka mtsinje, munthu wamkulu mu suti ya three-piece anali thukuta kamukamu, Baibulo lasanduka chokupizira.

"Nsapato zanga zikupsatu."

"Ndi tara wa mumsewu, bambo. Azungu anaika wotchipa."

"Oo."

Manyazi anandigwira, koma kuulula ndiye kunali kutaya Eluby.

Tikulowa mu Tottenham, nthunzi inangoti fwaa pa boneti, galimoto zii! Ndinatuluka mothamanga kuti nditsegule radiator.

"Iwe! Siya! Ufuna usupuke nkhope?"

Madala anavula jekete, kupinda malaya, kusuzumira kamodzi kokha.

"Fan belt yaduka. Vula tayi."

"Bambo?"

"Tayi, engineer!"

Anaimanga pa mapule, timawilo tomwe pamayenda lamba wodukayo, mfundo yake yoti sindinaionepo m'buku lililonse. Injini itazizira anathira madzi, galimoto n'kulira.

"Ine pa nkhondo ndinali makaniko wa magalimoto achitsulo a asilikali," anatero akupukuta manja. "Amenewo ankawira ife tili m'kati momwemo. Heater yakoyi ndinaimva tili ku Brixton."

"Nanga bwanji simunanene, bambo?"

"Ndimafuna ndione kuti bodza lako limayenda mamailosi angati."

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Ndinadziwa kuti basi, za ukwati zathera pompa.

Anavala jekete, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Eluby umutenge. Mwamuna wosatha kunama ngati iwe, mwana wanga azimugwira tsiku lomwelo. Koma pa tsiku la ukwati, nonse mudzakwere basi!"

Usananamize munthu wamkulu, yamba wafunsa ntchito yomwe ankagwira.