Kilo ya ku Joni

Mukandiona pamsika wa Mayani ndikuyeza nyemba ndi mbale yopindika, musaganize kuti ndinabadwa wopanda sikelo. Ndinali nayo, yokoloweka, ya nkhope ngati wotchi, ndipo mmene inandichokera mtima umandiwawabe mpaka lero.

Ndinali mkamwini ku Kaphuka. Nyumba inali pamalo a akazi anga, munda wa akazi anga, ngakhale nkhuku zinkandiyang'ana ngati mlendo. Sikelo ija ndi chinthu chokha chimene ndinkati changa popanda wina kutsokomola.

Zinali zaka zija tinkayamba taonetsa khadi ya chipani tisanalowe mumsika, makilo atangolowa m'malo mwa mapaundi. Kunamveka kuti oyendera masikelo akubwera, ndipo yonama adzalanda. Yanga inali ndi manambala a makilo kale, kungoti muvi wake unkagonera pang'ono kumbali. Anzanga ankapititsa zawo ku Dedza kwa a Yusufu, Msilamu wina amene anali ndi miyala yamkuwa yoyezera. Nanenso ndinakulunga yanga m'chiguduli kuti ndinyamuke.

Ndili pakhomo, anatulukira a Gelevazio, atsibweni a akazi anga, eni mbumba yonse.

"Akamwini, wakuti ulendowu?"

"Ndikakonzetse sikelo ku Dedza, atsibweni."

"Ku Dedza, ine ndili moyo? Ku Joni sikelo ya golide ikavuta, azungu ankaitana ine."

(Ndinadzamva pambuyo pake kuti ku Joniko ankasenda mbatata kukhitchini ya pakomponi.)

Ndinayang'ana akazi anga kuti andiombole. Iwo anangoti, "Bambo a Feli, mukalipire mlendo atsibweni ali pompano? Anthu atimva bwanji?" Inuyo munaonapo mkamwini akukana mwini mbumba? Ndinamasula chiguduli.

Anakatenga chitsulo chimene ankatchingira chitseko kuti mphepo isatseke, n'kunena kuti imeneyo ndiyo kilo yeniyeni ya ku Joni. Atachikoloweka, muvi unapitirira kilo kutali ndithu. Ndinanena mwaulemu kuti mwina chitsulocho n'cholemera.

"Chitsulo sichinama, akamwini. Sikelo yanuyi ndi yakuba."

Anaitsegula ndi mpeni, anadula sipuling'i ndi pulayala, anapinda apa, anamenya apo, mpaka muvi unaima pa kilo ndendende. Kanati kamodzi ka m'sikelomo kanatsala, iwo anakaponya m'thumba la jekete. Ndipo ine, munthu wamkulu wandevu, ndinathokoza m'manja, n'kuwagulira chipanda cha masese.

Tsiku la msika lotsatira azimayi anandiunjirira. Lotsatiranso mzere unafika kwa ogulitsa kachewere. Ndinayamba kuyenda mapewa ali m'mwamba, mpaka kulangiza mnzanga woyandikana naye kuti malonda ndi pakamwa (pakamwa pake pati!). Chinkandidabwitsa n'choti thumba la nyemba linkatha dzuwa lisanafike paliwombo, koma kachikwama kali pepuu. Ndinati wina akundichita chitaka. Ndinaika khala m'kachikwamamo, ndinasiya kupatsa moni mayi wina wosalakwa wogulitsa tomato. Sikelo sindinaikayikire n'komwe, poti inakonzedwa ndi akulu, ndipo amati mawu a akulu akoma akagonera.

Anagoneradi. Woyendera uja atafika anakoloweka mwala wake wa kilo, muvi n'kungopitirira theka pang'ono, basi n'kuima.

"Bambo, munakonzetsa kwa ndani?"

"Kwa katswiri wa ku Joni, bwana."

Mzere wonse unaphulika ndi kuseka. Mayi wina, amene ankabwera ndi dengu msika uliwonse n'kumanditchula achimwene, anati, "Asiyeni bwana, awa ndi munthu wa Mulungu. Kilo yawo imadyetsa mudzi."

Apa ndiye pamene pamandipsetsa mtima. Ankadziwa. Msika wonse unkadziwa, ngakhale mnzanga ndinkamulangiza uja, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe ananditsina khutu. Ndinadandaula kuti sindinabere munthu, woberedwa ndine ndemwe.

"Sikelo yonama ndi yonama," anatero woyenderayo, "iname mokomera inu kapena mokomera iwo."

Masiku amenewo munthu wa boma sunkatsutsana naye kawiri. Sikelo yanga inalowa m'thumba lake ine ndikuona.

Kunyumba ndinawafotokozera atsibweni mwaukali. Anayamba afwenkha fodya m'mphuno.

"Miyala yawoyo ndiyo yaperewera, akamwini. Kilo ya ku Joni ndi yaikulu, poti dziko lakenso ndi lalikulu."

Ndinalumbira kuti katundu wanga sadzamukhudzanso, ndipo ndinagula mbale yoyezera, chinthu chopanda muvi, chopanda sipuling'i. Mawa lake atsibweni anafika, anaitembenuza uku ndi uku, n'kunena kuti ndi yosaya, anthu adzati banja lathu ndi louma manja. M'dzanja linalo munali nyundo. Ndinayang'ana akazi anga, iwo anayang'ana pansi.

Mbale yake ndi yomwe mukuionayi. Mayi wa dengu uja amabwerabe msika uliwonse.