A Dumpha ndi Dzenje Lomaliza

A Dumpha, okonza mawailesi aja, sankatha kusewera gemu atakhala phee ngati munthu wamkulu. Kamunthu ka pa TV kakamadumpha dzenje, nawonso ankadumpha, mpando uko, patapata uko. Munthu wa imvi, mimba ngati mtsuko! Dzinalo linachokera pamenepo.

Gemu yake inali yakalekale ija ya makaseti, yoti ikakana kuyaka umachita kuiuzira mpweya. Telala wa khomo loyandikana ndi shopu yawo anasokapo mkono wa malaya chozondoka chifukwa chodzidzimuka ndi kukuwa kwawo.

"Bambo a ana, chakudya chikuzizira," akazi awo ankatero.

"Dikirani mayi, ndili m'malere!"

"Mudzafera m'malere momwemo."

Mdzukulu wawo atawaonetsa gemu ya pafoni, yokongola ngati filimu, yoti ukafa umangopitiriza pomwe wafera, a Dumpha anachita tsinya.

"Zimenezo n'za ana oyamwa. Yathuyi miyoyo ndi itatu basi, ndipo siisunga kanthu. Ukangoizimitsa, wayambiranso poyamba."

Koma dzenje lomaliza linawakanika zaka ndi zaka. Tsiku lomwe anafikanso m'mphepete mwake, miyoyo yonse itatu ili yathunthu, ndi lomwe chifuwa chinawagwira. Anaimitsa gemuyo, kamunthu kali mwendo m'mwamba. Powakweza galimoto yopita kuchipatala anagwira dzanja la akazi awo.

"Mayi, musazimitse. Ndikubwera."

Sanabwere.

Mayi aja, omwe ankalumbira tsiku ndi tsiku kuti adzaiponya kudzala, anasanduka mlonda wa gemuyo. Pamaliro pomwe, mlamu wawo atafuna kuzula chingwe kuti atchaje foni, anamumenya padzanja, phwa!

"Alamu, pamenepo ayi! Mwini wake sanamalize."

Anthu anaseka misozi ili mbwembwembwe.

Patapita masiku, telala analowa mushopumo n'kupeza mayiwo akukupiza makinawo ndi katoni kuti asatenthe.

"Mayi, magetsi akadzangothima mudzalira kawiri. Amalizireni bambowo, kadumphitseni."

Mayi anakhala pampando wa malemu n'kudina. Kamunthu kanathamanga, kanadumpha, nawonso osadziwa anadumpha, patapata uko! Koma kanagwera m'dzenje momwemo. Telala anaseka mpaka kutsamira khoma, mayi nawo anaseka.

Kenaka kamunthu kaja kanatulukiranso, kabwinobwino, chipewa chili kumutu, kakungodikira.

Mayi anakayang'anitsitsa, kuseka konse kunatha.

"Iwe wadzuka," anatero chapansipansi. "Nanga mnzako uja bwanji?"

Analira kuposa mmene analirira pamaliro, ndipo telala anatuluka mwakachetechete.

Masiku ano msewu uja uli zii. Telala akusoka mikono yowongoka, koma akuti ntchito sikukoma. Mukadutsa pashopupo muona TV ikuyakabe pakati pa mawailesi akufa. Kamunthu katsala ndi miyoyo iwiri, ndipo mayi akuti imeneyo asaikhudze munthu.