Katani Yomwe Ndinaikira Apongozi

Mpaka lero ndikamadutsa pamsika uja wa kutsidya kwa Shire ndimakweza galasi n'kuyang'ana kutsogolo ngati munthu wofulumira. Ambiri amene anaona nkhaniyi ndi maso anatisiya kale, koma ana awo anauzidwa, ndipo ndikudziwa kuti anauzidwa mokometsera.

Ndinali kalaliki ku esiteti ya nzimbe ku Nchalo, masiku aja munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani. Mzungu wina wa kufakitale, pobwerera kwawo, anandigulitsa galimoto yake yakale. Inali yotuwa, chitseko chimodzi chinkafuna bondo kuti chitseguke, koma inali yanga. Tsiku loyamba chakudya chamasana ndinadyera momwemo. Mkazi wanga, amene anali wotopa ndi pakati pathu poyamba, anangoti, "Bambo, ngati mwapeza mkazi wachiwiri mungonena."

Ndinapita nayo kwa a Fombe, makaniko wa mathirakitala, Msena wa ku Chiromo. Anaizungulira kawiri akupukuta manja.

"Pyadidi, bwana, mwagula bwino," anatero. "Koma injini musakhudze. Munthu woyamba kumene amayambira panja, pomwe anthu amaona."

Mawu amenewo ndinawatenga ngati lemba. Mipando ndinaikuta ndi pulasitiki wonyezimira kuti fumbi lisalowe. Chiwongolero ndinachikulunga ndi mphira wa chubu cha njinga. Kumatayala a kumbuyo tinapachika mphira zotchinga matope, ndipo ndinalembapo ndekha ndi penti yoyera: kumanzere ANKANDISEKA, kumanja LERO AKWERA. (Palibe amene ankandiseka, koma mawuwo ankakwana bwino pamphirapo.) A Fombe anandipezera hutala ya lole yomwe inkabalalitsa mbuzi zili patali, n'kuwotcherera chitoliro chonenepa kuekizozi, moti ndikaliza injini ana a m'malayini onse ankatuluka. Pomaliza ndinamata pepala lakuda pamawindo a kumbuyo. Kuti limatike bwino ndinachotsa zogwirira zotsitsira magalasi n'kuziika m'chitini, ndipo chitinicho sindinachionenso.

Kenaka mwana anabadwa, wamkazi, mwezi wa Okutobala. Mchombo utagwa, panafunika kumutulutsa chikuta, ndipo mkazi wanga ananenetsa kuti mwanayo sametedwa tsitsi, satulukanso pakhomo, agogo ake aakazi a ku Makhuwira asanamugwire. Ndinalumpha ndi chimwemwe. Ndikawatenga ndine, pa galimoto!

Apa ndiyenera kufotokoza. Kwathu kuno mkamwini sayang'anizana ndi apongozi ake aakazi. Zaka zinayi za ukwati, ine ndi iwo tinali tisanalankhulanepo. Mawu onse ankadzera mwa mkazi wanga. Tikakumana panjira ndinkapatukira kutchire (tsiku lina ndinapatukira m'chitedze). Komanso mphepo inali itandinong'oneza kuti iwo amati, "Akalaliki aja chomwe amatha n'kugwira cholembera basi." Zinkandiwawa, ndivomere. Ulendo uwu unali mwayi wanga woti aone kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu wolongosoka.

Koma m'galimoto mulibe tchire lopatukira. Ndikangoyang'ana pagalasi la m'kati, maso athu akumana. Ndinaganiza masiku awiri, kenaka nzeru inabwera. Ndinagula nsalu yochindikala ya maluwa, n'kumanga waya kuchokera chitseko ichi kufika icho, kuseri kwa mpando wanga. Katani inatsika kuchokera kudenga mpaka pansi. A Fombe ataiona anavula chipewa.

"Izi ngakhale azungu sanaziganize," anatero.

Ndinafika ku Makhuwira dzuwa litangotuluka, hutala ikulira kuyambira kumsewu. Apongozi aamuna anasuzumira m'kati, nagwira kataniyo.

"Mwawamangira chipinda chawo?"

"Ndi ulemu, bambo."

"Ulemu ndi umenewu," anatero akugwedeza mutu. Ine ndinatembenuka kuyang'ana mtengo wa mango mpaka ndinamva kuti mayi alowa, limodzi ndi dengu la ufa wa mapira ndi nkhuku yomangidwa miyendo.

Tinanyamuka. Mtima wanga unali mbee. Nthawi ndi nthawi ndinkalankhula ndi katani, monga zimayenera: "Kaya agogo a mwana akhala bwino kumbuyoko?" Yankho kunalibe, ndipo ndinati mumtima, awa ndiwo amayi odziwa mwambo. Zoti kumbuyoko mulibe windo lotseguka, zoti mphepo yonse ya kutsogolo ikuthera pakatani, zoti pulasitiki ndi dzuwa la kuchigwa kuno ndi pachibale, sizinandidutse m'mutu n'komwe.

Tisanawoloke mlatho tinapeza amuna a malaya ofiira atatchinga msewu pamsika, akuona makhadi. Ndinaonetsa langa. Wamkulu wawo analoza katani.

"Mwabisamo chiyani?"

"Apongozi."

Anaseka mpaka anatsamira galimoto, kenaka anatsegula chitseko cha kumbuyo. Khadi la mayi linali lomangidwa pamfundo ya chitenje, ndiye anatsika kuti amasule. Ine, mwaulemu wanga uja, ndinathawira kutsogolo, n'kutsegula boneti, n'kuyamba kuthira madzi muredieta pang'onopang'ono, mutu uli pansi. Patapita kanthawi ndinamva chitseko kuti phaa. Ndinatseka boneti, maso ali kumapazi, n'kulowa, n'kuliza injini.

(Chitsekocho anatseka ndi mkulu uja, atatha kusirira mipando. Mayi anali atapita pamjigo kuseri kwa msika kukadzithira madzi kumaso. Izi ndinazimva pambuyo pake.)

Pagalasi la m'mbali ndinaona anthu akuthamanga, akukweza manja. Ekizozi ya a Fombe inameza mawu awo onse. Ndinati awa aikonda galimoto, ndipo ndinatulutsa dzanja n'kuwabayibitsa, n'kuwaimbira hutala kawiri.

Msewu wonse wa ku Nchalo ndinacheza ndi katani. Ndinaionetsa minda ya nzimbe. Ndinaiuza kuti mwanayo mphuno ndi ya kuchikazi. Pena ndinkamva kakutsokomola kumbuyoko, ndipo ndinkati, "Pepani, ndi fumbi, tatsala pang'ono." Imeneyo inali nkhuku.

Kunyumba amayi a m'malayini anali atadzaza pakhonde, lumo ndi beseni zili tayale. Atamva hutala anayamba nthungululu. Ndinaima mwaukatswiri, n'kuzungulira, n'kumenya chitseko ndi bondo, n'kutembenuka kuyang'ana kumbali. Nthungululu zija zinazima imodziimodzi. Mkazi wanga anali pawindo la nyumba, mwana ali m'manja.

"Amayi ali kuti?"

Ndinayang'ana. Munali dengu, nkhuku ili kukamwa yasaa, ndi nsapato ziwiri zoikidwa bwinobwino pansi pa mpando.

Sindinamvepo mantha otere. Ndinafika poyang'ana pansi pa dengu. Mkazi wanga sanakuwe, anangolankhula motsitsa, ndipo kunali bwino akanakuwa: "Mwana uyu satuluka, inunso simulowa, mpaka amayi anga atafika."

Ulendo wobwerera sindinaimbe hutala ngakhale kamodzi. Ndinawapeza pansi pa mtengo wa bwemba pamsika paja, ali pamphasa, opanda nsapato, atazunguliridwa ndi amayi ogulitsa nsomba. Wina anali atawapatsa thobwa. Msika wonse unaleka malonda. Panalibe chifukwa choitanira aliyense, ekizozi inali itaitana kale. Munthu wina anawerenga mokweza mawu a pamphira aja, "Lero akwera," ndipo anthu anagwa nako kuseka.

Ndinagwada patali, maso pansi, ndikusowa woti anditumikire mawu. Mayi anadzuka, nakonza chitenje, nayenda pamchenga wotenthawo mpaka pagalimoto. Ndinamva waya akuduka. Nditadzutsa mutu, katani ija inali m'manja mwawo akuipinda, ndipo anatsegula chitseko cha kutsogolo n'kukhala pampando woyandikana ndi wanga. Kenaka anandiyang'ana m'maso, koyamba chikwatire mwana wawo.

"Bwerani muyendetse, bambo," anatero. "Ulemu wanu ndauona, wandikwana. Tsopano ndikufuna muzindiona."

Tinayenda windo lili pululu, iwo dzanja lili panja. Pafupi ndi Nchalo anagwira chiwongolero ndi chala, nafunsa ngati mphirawo ndinakulunga ndekha. Nditavomera anati, "Mwakulunga bwino." Mawu amenewo ndinawasunga, chifukwa tsikulo ena abwino sindinalandire.

Mwana anatuluka chikuta dzuwa litapendeka. Katani ija anaidula agogo ake omwe, inasanduka matewera. Zokongoletsa zina zonse ndinazisiya momwemo mpaka galimoto inafa, ndipo kunena zoona, ndimaonabe kuti nzeru ya katani inali yabwino, chinangosowa ndi kabelu koti wakumbuyo aziliza.

Ndinayesa kufotokoza zimenezi madzulo omwewo, pamene amayi ankakambirana za dzina la mwana. Palibe anandimvera. Agogo ake anamunyamula, namuyang'ana nkhope, natchula dzina lomwe ndakhala ndikuliitana pakhomo panga tsiku lililonse kufikira lero. Mwana wanga woyamba ndi Mwandisiya.