A Orazbek, Amene Ankatsekera Mafoni m'Bokosi

Kunyumba kwa a Orazbek sunkalowa ndi foni m'thumba. Pakhonde, pamene timavulira nsapato, panali bokosi lachitsulo lomwe kale ankasungiramo zida zawo zamagetsi. Mlendo aliyense ankayamba waponyamo foni yake, eni nyumba n'kutseka chivundikiro, kenako ndiye moni. Ankati foni ndi khutu la munthu wina lomwe wagula ndi ndalama zako, n'kumalidyetsanso magetsi tsiku ndi tsiku. Dokotala anaponyamo yake. Imamu wa mzikiti wathu anaponyamo yake. Wapolisi wina wodzafunsa za galu wosochera anayamba wakana, koma atamva fungo la nyama ya hatchi imene mayi Kulyash, akazi awo, ankaphika, naye anaponyamo.

Ine ndine Gulzira. Ndakhala zaka makumi awiri ndi zitatu m'nyumba zosanjikizana zoyang'anizana ndi mpanda wawo, m'tauni yathu ya malasha kumpoto kwa Kazakhstan. Pawindo la khitchini yanga ndinkaona bwalo lawo lonse, ndipo zimenezi zinkawadya moyo, moti anadzala mitengo isanu kuti anditchinge. Mphepo ya kwathu inaikhotetsera mbali ina yonse isanu, ine n'kumaonabe.

Tsiku limene akuchimuna anabwera kudzafunsira mwana wawo Meruyert, mafoni khumi ndi anayi analowa m'bokosi. Anthu anadya, anamwa tiyi, anatamandirana makolo mpaka mibadwo isanu ndi iwiri. Itakwana nthawi yoti agogo a mnyamatayo adalitse ana, alendo anayamba kuyang'anana. Agogowo panalibe. Alendowo anabwera pa galimoto ziwiri, ndipo a m'galimoto iyi ankayesa kuti ali mu inayo, a mu inayo chimodzimodzi. Nkhalamba inatsala pamalo omwetsera mafuta kunja kwa tauni, ikuimba foni maola atatu, koma foni ikakhala m'chitsulo silira. Atakawatenga, a Orazbek anawalandira ndi manja awiri, ulemu wonse, kenako n'kuwalozera bokosi. Agogo anawayang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kumasokosi.

"Mwana wanga, ine ndinapulumuka njala, nkhondo ndi apongozi awiri. Ukaikhudza foni iyi, ukwati wathera pakhonde pano."

Analowa nayo. A Orazbek anangodikira kuti agogo aiike pansi, n'kuivundikira ndi mtsamiro mwakachetechete.

Sikuti anabadwa choncho. Anagwira ntchito ya magetsi zaka makumi atatu, ndipo zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri mwa izo ankasunga ndalama kubanki ya boma kuti adzagule galimoto. Boma lakale la chikomyunizimu litagwa, ndalamazo zinasungunuka ngati mchere m'madzi. Pamene ankaloledwa kukatapa, zinangokwana kugula nsapato za m'chisanu, ndipo nsapatozo zinali zothina. Anazikhomera pakhoma la shedi yawo. Kuyambira pamenepo sanafunenso kuti moyo wawo ukhale m'manja mwa munthu wokhala kuseri kwa kawindo ka ofesi. Madzi anakumba chitsime chawo. Pamwamba pa shedi anaimika chopukusa magetsi cha mphepo chimene anapanga okha. Ukawafunsa kuti akupita kuti, ankayankha kuti akupita kutsogolo.

Ndiye mkamwini wawo atawauza za bitikoyini, ndalama za pa intaneti zopanda banki, zinali ngati wauza mbuzi za munda wopanda mlonda. Munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi anaphunzira kompyuta ndi chala chimodzi. Anagula makina akale a kompyuta opangira ndalamazo, n'kuwakonza okha, kuwandandalika mushedi. Makinawo ankalira usana wonse ngati ndege imene ikufuna kunyamuka koma siinyamuka. Mushedimo sankalowetsa munthu, ngakhale mkamwini amene anawaphunzitsayo.

Tsiku lina ndinawaimitsa pageti, n'kuwaitana mmene timaitanira achimwene kwathu.

"Agha, ndalama zanuzo ndizione nawo."

"Sizioneka, mlongo wanga."

"Nanga mumazisunga kuti?"

"Zalembedwa m'makompyuta zikwizikwi padziko lonse lapansi. Palibe nduna imene ingadzuke m'mawa n'kuzifufuta."

"Ndalama zosaoneka ndiye amuna anga ali nazo zambiri."

Sanandilankhule sabata yonse. Kenako anatumiza mayi Kulyash ndi mbale ya nkhaka. Munali mu Januwale, kunja madzi ukawathira akuuma asanafike pansi, koma nkhakazo zinali zanthete, zongothyola kumene. Makinawo ankatulutsa kutentha koopsa, ndipo mkuluyo analumikiza mapaipi kupititsa mpweya wotenthawo m'kanyumba ka magalasi momwe anadzalamo nkhaka ndi tomato. Ine ndinati ndalamazo tsopano ndaziona, ndipo n'zokoma ndi mchere.

Za mtengo wa bitikoyini sankanenapo kanthu, koma chipewa chawo chinkaulula. Mtengo ukakwera, chinkakhala kunkhongo. Ukatsika, chinkatsikira m'maso. Amayi ogulitsa mkaka pamsika, amene sanagwirepo kompyuta, ankadziwa mmene misika ya dziko lapansi yadzukira pongowaona akudutsa. Chaka china chipewa chinatsika mpaka pamphuno, ndipo wogulitsa buledi anawapatsa wina waulere popanda kufunsa.

Chinsinsi chachikulu chinali mawu khumi ndi awiri. Ndalama zoterezi kiyi wake ndi mawu, ndipo amene wawadziwa, zonse n'zake. Amene wawaiwala, palibe ofesi yokadandaulako. A Orazbek anakana kuwalemba papepala, anangowaloweza pamtima, ngakhale anali a Chingerezi, chinenero chimene sankachidziwa n'komwe. Mayi Kulyash ankandidandaulira tikumwa tiyi kuti zaka makumi anayi akuchapa masokosi a munthu, koma mawu khumi ndi awiri okha wawamana. Akuti akafunsa, madala ankayankha kuti mkazi akadziwa Lolemba, msika wonse udziwa Lachiwiri.

Kenako kunabwera chisanu chija chimene aliyense wa kwathu amachikumbukira. Mapaipi otenthetsa nyumba zathu zosanjikizana anaphulika kumayambiriro kwenikweni kwa nyengo yozizirayo. Anthu onse atayatsa mbaula zamagetsi nthawi imodzi, magetsi a nyumba yathu nawo anazima. Mwana wanga Aknur anali ndi khanda la masabata atatu. Tinaliveka zonse zimene tinali nazo, tinalifungatira mosinthana, koma pofika m'mawa wa tsiku lachiwiri madzi a m'ketulo anali atauma gwa, ndipo khandalo linasiya kulira. Linkangotiyang'ana. Kusalirako n'kumene kunandiopsa.

Ndinamva kugogoda. Anali a Orazbek, ndevu zili mbuu ndi chisanu, atakwera masitepe a nyumba imene sanalowemo zaka zonsezo. Sanapereke moni. Analowetsa dzanja m'bulangeti n'kukhudza phazi la mwana, kenako anamunyamula n'kumulowetsa m'chikhoti chawo.

"Nditsateni. Gogodani zitseko zonse potsika, muyambe ndi za okalamba."

Nyumba yawo inali ya zipinda ziwiri zokha, ndipo inadzaza nthawi yomweyo. Otsalafe tinaima pabwalo. Mkuluyo anaima pakhomo la shedi, kiyi ali m'manja, akuyang'ana loko ngati munthu amene akuti amuzule dzino. Kenako anatsegula.

Mkatimo munali ngati mwezi wa Julaye, umene kwathu ndi wotentha kwambiri. Tinakhalamo anthu khumi ndi asanu ndi anayi masiku anayi, ena pakati pa makina, ena pakati pa nkhaka. Khanda linafunda, linalira mokweza kuposa makinawo, linayamwa, n'kugona tulo timene silinagonepo chibadwire. A Orazbek anatsegula makina onse mpaka kumapeto, ndi akale omwe anali atawapumitsa. Koma kuvutika kwake munthuyo! Anavundikira kompyuta ndi thaulo. Mayi wina anayanika matewera pa mawaya awo. Mkulu wina wopuma ntchito ya uphunzitsi ankawatsata paliponse kufunsa kuti batani ili n'lachiyani. Pa tsiku loyamba a Orazbek anabweretsa bokosi lija, anaima nalo pakati pathu, tonse n'kuyamba kupisa m'matumba. Anatiyang'ana, analiyang'ana, n'kuliika pansi kuti Aknur akhalirepo poyamwitsa.

"Imbirani abale anu adziwe kuti muli moyo. Koma wondijambula ndimuponya panja."

Palibe anawajambula. Mpaka lero ndimadandaula.

Patapita zaka ziwiri anayamba kuiwala. Poyamba zinali zazing'ono, magalasi, dzina la mphaka. Tsiku lina ndinawapeza ataima pamphambano ndi thumba la buledi, akuyang'ana uku ndi uku mumsewu umene anayendamo moyo wawo wonse. Ndinawagwira mkono n'kunena kuti ndikupita komweko. Sanakane, ndipo sananene kuti akupita kutsogolo.

Zimene zinachitika pambuyo pake anandiuza ndi mayi Kulyash. M'mawa wina anawapeza atakhala pabedi, sopo wometera ali kumaso, akuwerenga zala. Ankafika pa chachisanu ndi chinayi n'kuima, kuyambiranso, n'kuimanso pomwepo. Zaka zonse zija anathawa mabanki ndi maofesi, koma wakuba anali atalowa m'mutu mwawo momwe.

"Kulyash, khala pansi. Ndikuuze pamene ndikadali ndi ena. Atatu andithawa."

Mayiwo akuti anapukuta manja pa epuloni, n'kutchula mawu onse khumi ndi awiri, mwandondomeko yake, osapunthwa.

"Wawatenga kuti?"

"Bambo a Meruyert, mumawatchula tsiku lililonse pometa ndevu. Chaka choyamba ndinkayesa pemphero. Chachiwiri ndinkayesa mayina a akazi ena. Kenako ndinangowaloweza."

"Zaka zingati?"

"Zisanu ndi ziwiri."

"Ndipo msika sukudziwa?"

"Msika ukudziwa zoti mumaliza nkonono."

Akuti anaseka mpaka misozi inatsuka sopo m'masaya, kenako kusekako kunasanduka china, ndipo mayiwo anamaliza kuwameta okha. Kuyambira tsiku limenelo ankawameta m'mawa uliwonse, akutchulira limodzi mawuwo, mpaka pamene mkuluyo ankangotsatira ndi milomo. Anamwalira m'mwezi wa Epulo, chisanu chikusungunuka, ali pabedi lawo, m'nyumba yofunda ndi magetsi awo.

Mayi Kulyash anasamukira kwa Meruyert mumzinda waukulu. Nyumba anagula ndi anthu abwino ndithu, aulemu, a makamera anayi pampanda. Mumsewu wathu tsopano ketulo ikawonongeka timataya, chifukwa palibe woti aitsegule akutinyoza kuti tinagula chinthu chosatheka kumasula n'kukonza. Pamsika nkhani zimatha msanga. Kale munthu unkatuluka m'nyumba ukudziwa kuti pena pake ukumana ndi wina woti akutsutse, akuuze kuti ukugona, kenako akufunse ngati mwana wachira chifuwa. Tsopano aliyense amangovomera, maso ali pafoni.

Chaka chitatha, mayiwo anabwera kudzaika mwala pamanda, ndipo ndinawaperekeza kwa wosema. Munthuyo analemba dzina, analemba tsiku lomwalira, kenako anafunsa tsiku lobadwa. Mayi Kulyash anasisita chikwama chimene munali mapepala onse a amuna awo.

"Ndikulidziwa," anatero. "Koma eni ake sanandilole kunena."

Wosemayo anandiyang'ana kuti ndimuthandize. Ine ndinayang'ana kudenga. Mwalawo uli pomwepo mpaka lero, kumanzere kwa dzina kuli mpata wosalala, ndipo anthu odutsa amayesa kuti ntchito inasiyidwa panjira.