Mandimu a Juwisi wa Tiyanjane

Amayi anzanga, usiku wathawu ndinalota juwisi wa mango uja tinapangira ukwati wa mwana wanga Tiyanjane. Ndinagona nditapemphera kuti asasase lisanafike Loweruka, poti mukudziwa mmene mpingo wathu umadanira ndi mowa.

Ndiye m'malotomo ndikutsegula chigubu cha juwisiyo, ufa woyera uja tinathiramo kuti juwisi asawonongeke, potaziyamu sobeti, wangokhala pansi, manja wapinda.

"Bwanji osagwira ntchito?" ndinaufunsa.

"Ine ndine mchere, mayi. Popanda chowawasa sindisanduka asidi, pomwe ntchito imagwiridwa ndi asidiyo. Mandimu munaiwala."

Mwadzidzidzi chigubu chija chinali minibasi yopita kutchalitchi, ine ndili momwemo. Okwera onse anali yisiti, tizilombo tosasitsa zakumwa tija, aliyense mwana kumsana, mwanayo naye wabereka wake. Mmodzi anandisunthirako kuti ndikhale bwino. Ndinathokoza, ngakhale ankandigeyera thovu.

"Atsitseni awa," ndinauza ufa uja, umene tsopano unali kondakitala.

"Sinditsitsa munthu ine. Ndimangoletsa kuberekana. Mukachedwa, adzaza mpaka padenga."

Ndiye tinaimitsidwa ndi woyendera zakudya wa jekete yoyera. Ndinamupempha ndimu limodzi lokha.

"Mandimu timapereka Lolemba, mayi."

"Ukwati ndi Loweruka, bwana."

"Usuntheni."

Ndisanayankhe anali atasanduka mbuzi, akutafuna duku langa. Ndinangoti, Ambuye, ndigwireni pakamwa.

Mwadzidzidzi tinali muholo, chigubu chili pa tebulo la akwati, chatupa ngati ng'oma. Mkulu wa mpingo, bambo Chikaonda, analawa kapu imodzi, khosi n'kufiira, n'kukhala nkhukundembo ya tayi.

"Mayi, kodi zimenezi n'zimene mumaphunzira kuchigwirizano?" anatero, akudzithiriranso ina.

Apongozi anayamba nyimbo ya maliro akuvina. Tiyanjane anangondiyang'ana m'velo muja. Ndinafuna kufotokoza, koma pakamwa panga pankangotuluka thovu. Ndiye chivundikiro chinayamba kugunda, gu, gu, gu.

Ndinadzidzimuka. Kunja kunali kutayera, kugunda kuja kukumvekabe pakhonde. Anali mayi Nankhoma oyandikana nawo nyumba, akukhuthula mandimu a mumtengo mwawo m'beseni langa. Sindinawapemphe. Anangoti, "Dzulo sindinaone makoko a mandimu padzala panu," n'kumapita.

Ndinathamangira kuchigubu n'kuika khutu. Munali zii, juwisi asanayambe kusasa. Ndinatenga mpeni wodulira mandimu aja.